Ataliyana Othamanga M'sutikesi ya Amayi

Amayi, kaya mukudzukako bwanji kumene mudapitako? Kuno tilipo, ngakhale ine mtima wanga suli m'malo. Ndiyamba ndi nkhani zapakhomo chifukwa munkati mlendo salonjeredwa ndi mlandu. Koma dziwani kuti mlandu ulipo, ndipo ndi wanu.

Mpongozi wanu, mkazi wa mchimwene wanga Kondwani, adachira bwinobwino miyezi iwiri titakuikani. Ndi mwana wamkazi wonenepa, wa mphuno yanu yeniyeni, ndipo adamutcha Chisomo. Chimanga chakumunda wa ku Songani sichidachite bwino, mvula idadula pamene chinkamasula. Nandolo ndiye wabereka mpaka nthambi kugwa pansi. Anyani adatsika kuphiri n'kumaliza mapeyala onse a mtengo wanu uja wa ku Sadzi. Ine ndikusokabe pakhonde lomwe lija kumsika, koma maso ayamba kuvuta polowetsa ulusi.

Tsopano mverani.

Mdzukulu wanu Tadala amathamanga. Inu simunkadziwa chifukwa tinkakubisirani, ndipo tinkakubisirani chifukwa tinkakuopani. Chaka chino sukulu za kuno zidachita mpikisano wokwera msewu wakuphiri, kuchokera m'tauni mpaka pamwamba pamene amagulitsa zipatso paja. Tadala adafika woyamba mwa atsikana onse, ndipo anyamata ambiri adawasiya akupumira m'mapaini. Aphunzitsi ake adamusankha kuti akapikisane ku Lilongwe ndi ana a sukulu za dziko lonse. Adabwera ndi kalata yoti kholo lisaine. Bambo ake ali ku Joni monga mukudziwa, ndipo pafoni adangoti, "Zimenezo ndi za inu akuchikazi."

Nkhani idafika kwa achimwene anu, amalume a Jerevazio. Adatsika ndi ndodo yawo kuchokera ku Sadzi mpaka kuno ku Chikamveka, n'kukhala pampando wapakhonde osavula chipewa.

"Filomena, manda a mayi ako sadaphwe n'komwe, iwe wayamba kale kuswa mawu awo? Achemwali ankati chiyani?"

Ndidayankha ngati mwana wa katekisimu: "Ankati mwana wamkazi sathamanga, amayenda."

"Basitu. M'banja mwathu mkazi savala kabudula pamaso pa amuna. Mawu a akuluakulu amakoma akagonera."

Amayi, ndidawamvera. Kalata ija ndidaiika pansi pa makina osokera osasaina. Tadala adandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka adangoti, "Amayi, inunso?" Masiku anayi sadandilankhule.

Mukudziwa chimene ndidamverera? Kapena mwaiwala? Ine sindidaiwale. Ndili sitandade 7 ndidapambana mpikisano wapasukulu n'kupatsidwa mbale yachitsulo yamaluwa ofiira. Ndidathamanga nayo mpaka kunyumba kuti ndikuonetseni. Inu munkasenda chinangwa. Mudaimirira, n'kulanda mbaleyo, n'kukaiponya m'chimbudzi ine ndikuona. Kenaka mudathyola nthambi ya pichesi n'kundikwapula m'miyendo mokhamokha. Osati kumsana, osati m'manja. M'miyendo. Chipsera china chidakalipo kuseri kwa bondo lamanzere. Kuyambira tsiku limenelo sindidathamangenso, ngakhale pothawa mvula. Ndidakula ndikukhulupirira kuti ndidachita chinthu chonyansa.

Sabata yomweyo ya kalata ya Tadala ndidapita ku Sadzi kukalongosola katundu wanu wotsala. Ndidatsegula sutikesi yachitsulo yobiriwira ija, imene munkati aliyense woikhudza manja adzauma. Pansi pa nsalu zanu zakutchalitchi ndidapeza chinthu chokulunga m'pepala la shuga. Chinali chithunzi chakalekale, chachikasu ndi ukalamba. Azungu asanu ndi awiri, a ndevu zapamlomo zopotoka, atavala malaya oyera opanda manja ndi makabudula ofika m'mawondo. Wina wagwira mbendera. Wapakati ndi wamfupi, wowonda ngati bango, ndipo pamutu pake wina adalembapo kamtanda ndi inki.

Kuseri kwake kunali mawu a chilankhulo chachilendo. Nditafika nacho kunyumba, Tadala, ngakhale anali atandikwiyira, adawajambula ndi foni yake ndipo foniyo idamasulira. Akuti ndi othamanga a dziko la Italy pa masewera a maiko ambiri. Chaka chake chidafufutika. Koma m'munsi mwake munali Chichewa cha zilembo zopendama, chimene sichidafune foni: "Kwa Agnesi, amene ali ndi miyendo ya bambo anga."

Agnesi ndi inu, amayi. Miyendo yake iti?

Ndidakwera minibasi kupita ku Songani kwa mnzanu wapaubwana, Abiti Selemani, amene amagulitsa nyemba pafupi ndi msewu. Atangoona chithunzicho adagwira pakamwa.

"Iii, mwana wa Agnesi, ichi chidakalipo? Ndinkayesa adachiotcha."

Adasiyira mnzawo nyemba zija, tidakakhala pansi pa mtengo wa mango, n'kundiuza zonse zimene inu mudandimana zaka makumi anayi.

Akuti muli mtsikana, kumishoni kunali Bulaza wina wachitaliyana, a Bulaza Tino, amene ankaphunzitsa ukalipentala ndi kusoka nsapato. Tsiku lina adakuonani mukuthamangitsa mbuzi imene idadula chingwe, kukwera nayo chitunda mpaka kuigwira. Adaima n'kuvula chipewa. Kuyambira pamenepo ankakutengani inu, Abiti ndi atsikana ena awiri m'mawa uliwonse kukathamanga msewu wakuphiri, iwo akutsatira panjinga n'kumakuwa Chinyanja chawo chopotoka.

Mukapuma pamwamba, ankatulutsa chithunzi chimenechi m'thumba la malaya. Wakamtandayo anali bambo awo. Akuti anali munthu wamba wophika buledi m'kamudzi kena kam'mapiri. Atamva kuti maiko ayamba kukumana kuti apikisane pa kuthamanga, kulumpha, kusambira, kugwetsana ndi kuseweretsa malupanga, adanyamuka ndi anzawo ochepawo, masiku ambiri pasitima yapamtunda ndi yapamadzi. Nthawi imeneyo masewerawo anali atangoyamba kumene, anthu ambiri sankawadziwa n'komwe. Kumudzi kwawo ankawaseka kuti bambo wamkulu akusiya uvuni kukathamanga ngati mwana. Adakafika atatopa, chakudya chakumeneko chidawatsegula m'mimba, ndipo pampikisano wa mtunda wautali adapitiriridwa ndi anthu a maiko ena. Palibe chimene adabwera nacho kupatula chithunzichi ndi mapazi otupa.

Abiti akuti inu mudafunsa kuti, "Nanga ngati sadapambane, mumanyadira chiyani?" Ndipo a Bulaza adati, "Sadapambane, koma palibe adawagwira mkono kuti asapite."

Mawu amenewo mudawamva ndi makutu anu, amayi. Mudawamva muli ndi zaka za Tadala.

Ndiye kudabwera mpikisano waukulu ku Blantyre. A Bulaza adakusokerani nsapato ndi manja awo, zachikopa chofewa, poyezera phazi lanu papepala. Abiti akuti palibe mtsikana m'boma lonse la Zomba amene ankatha kukupezani mukayamba kuthamanga. Tsiku la ulendo mudakwera lole yamishoni, nsapato zili pamiyendo. Injini italira kale, adafika agogo aamuna ndi mwana wawo wamwamuna. Mnyamatayo adakwera m'lole, adakugwirani mkono n'kukukokerani pansi anthu onse akuona. Mudagwa chagada, diresi n'kukwera. Anthu adaseka. Adakuvulani nsapato pomwepo, n'kukaziponya pamoto wa amayi ophika zitumbuwa pamsewu. Chaka chisadathe adakukwatitsani kwa bambo anga. A Bulaza pobwerera kwawo atadwala, adakutumizirani chithunzicho kudzera mwa Abiti.

Ndidafunsa kuti mnyamatayo anali ndani, ngakhale ndinkadziwa. Inu mudali ndi mchimwene mmodzi yekha.

Amayi, ndidalira pansi pa mango paja. Ndidalirira mtsikana wa m'lole uja. Koma pobwerera m'minibasi misozi idauma, ndipo chimene chidatsala ndi mkwiyo umene sudandichokebe mpaka lero. Amalume ndawakwiyira, inde, koma iwo ndi mwala, sadadziwepo kukoma kwa mphepo yakuphiri ikamakuwomba pachifuwa. Inu mumakudziwa! Inu mudadziwa chimene chinali mumtima mwanga tsiku lija ndidalowa ndi mbale yamaluwa. Pa anthu onse a dziko lapansi, inu nokha ndi amene mukadandimvetsa. Ndipo mudathyola nthambi.

Abiti adayesa kukuikirani kumbuyo. Akuti, "Ankakuteteza, mwanawe. Ankaopa kuti nawenso adzakugwetsa pagulu." Mwina. Koma kuteteza kwake kotero? Munthu akapsa ndi moto amauza mwana kuti apa pali moto, samutenga mwanayo n'kumuotcha yekha kuti ena asadzamuotche. Mukadandikhazika pansi n'kundiuza. Mukadangotsegula sutikesi ija kamodzi kokha. Tidakhala limodzi zaka zonsezi, ndidakusambitsani mukudwala, ndinkakupakani mafuta m'miyendo yomweyo, inu duu. Mudasunga azungu asanu ndi awiri osawadziwa m'pepala la shuga mosamala chonchija, koma mbale ya mwana wanu mudaiponya m'chimbudzi.

Ndipo choipitsitsa n'chakuti mudatsala pang'ono kundisandutsa inu. Kalata ya Tadala inali pansi pa makina anga. Ine sindidathyole nthambi, koma ndidachita zomwezo mwaulemu.

M'mawa mwake ndidasaina kalatayo, kenaka ndidakwera ku Sadzi. Ndidawapeza amalume akuwotha dzuwa. Sindidagwade, amayi, ndikuuzeni zoona. Ndidaika chithunzi pamiyendo pawo.

"Amalume, awa mukuwadziwa?"

Adachiyang'ana, adachitembenuza, adawerenga kuseri. Adandifunsa kuti:

"Wachitenga kuti?"

"Nsapato za amayi zidapsa bwino?"

Kenaka adati, "Nthawi inali ina. Bambo ndi amene adandituma."

"Nanga lero wakutumani ndani? Agogo adamwalira kalekale. Mudati mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Awa agonera zaka makumi asanu ndi mphambu, ndipo awola."

"Ukulankhula ndi ine choncho, mwana wa achemwali? Mtsikanayo akapita, ine pa ukwati wake sindidzaima ngati nkhoswe."

"Adzaima Kondwani."

Ndidatenga chithunzi changa n'kutsika. Mpaka lero sadapondenso pakhomo panga, ndipo kutchalitchi amayang'ana kumbali. Abale ena akuti ndikapepese. Sindipita.

Ku Lilongwe ndidapita naye Tadala, ndidatseka makina masiku atatu. Kabudula wake ndidasoka ndekha. Bwalo lake ndi lalikulu, amayi, anthu ngati nyerere. Atsikana atafola pamzere ndidaona Tadala ali wamng'ono pakati pa anzake ataliatali a kumpoto. Mfuti italira sindikudziwa chimene chidandigwira. Ndidapezeka ndatsika pamipando, ndikuthamanga m'mbali mwa mpanda, chitenje m'manja, ndikukuwa ngati wamisala. Ine, mayi wa zaka makumi asanu, amene sindidathamangepo chichokereni sitandade 7. Msilikali wapachipata adachita kundigwira.

Tadala sadapambane. Adafika wachisanu, n'kugwada pa udzu, n'kusanza. Nditamufikira adandiyang'ana, thukuta lili chuchuchu, n'kuseka.

"Amayi, ndidakuonani. Mumathamanga ngati bakha, koma mumathamanga."

Tidaseka mpaka kugwirana. Koma m'basi pobwerera, iye atagona paphewa panga, mkwiyo udabweranso. Ndinkangoti malo aja pampanda anali anu. Mukadakhala inu mukukuwira ine, kenaka tonse awiri tikukuwira iye. Mudatilanda zimenezo, ndipo mudadzilanda nokha.

Abambo mfumu akuti tizikhululukira akufa chifukwa sangathenso kudziyankhira. Ndayesa. Ndikagwada kuti ndikupemphereni, mawu amandithera. Choncho sindikunamizani ngati mmene tinkanamizirana muli moyo: sindidakukhululukireni. Mwina chaka chamawa, mwina Chisomo akadzayamba kuyenda. Sindikudziwa.

Koma kukukondani sindidasiye, ndipo n'chifukwa chake zikuwawa chonchi. Mvula isadagwe ndibwera kudzalambula pamanda panu ndi kudzala maluwa, monga mwana aliyense amachitira mayi ake. Ndipo ndikulonjezani ichi, mufune musafune: ana onse aakazi a m'banja muno adzamva kwa ine kuti agogo awo anali ndani, mpaka amalume adzatseke makutu. Chinsinsi chanu chathera pa ine.

Ndine mwana wanu wokukondani, amene akadakwiyabe,
Filomena