Dovi m'mapaketi ako aja

Mwana wanga Esinati,

Landira moni wochokera kuno ku Raffingora. Muli bwanji ku Joniko ndi adzukulu anga? Ine ndadzuka, koma mtima suli m'malo.

Mapaketi a zakudya zochepetsa thupi unatumiza aja anafika. Koma iwe, unayamba walawako? Phala lake m'kamwa limakhala ngati katoni yonyowa! Ndiye ndinkathiramo dovi, chiponde cha mtedza chija, masipuni atatu ndi mchere, n'kumanyambita mbale milungu iwiri yathunthu.

Lachiwiri kukiliniki sikelo inakwera, BP nayonso inakwera. Nesi anandiyang'anitsitsa n'kuti, "Gogo, mukuthiramo chiyani?" Nditaulula anagwira pakamwa. "Mukufuna kutsatira a Nachisale?"

Paja a Nachisale anagwa m'shedi akusankha fodya. Pakamwa panapotoka, ndipo amachita kuwatembenuza pamphasa ngati khanda. Iwo ali ndi ana aakazi atatu pakomboni pano. Nanga ine adzanditembenuza ndani?

Botolo la dovi ndapatsa aneba. Tsopano ndikuthiramo tomato, anyezi ndi tsabola. Ndikumeza ndithu, ngakhale ndikumeza motukwana.

Utumize ena, ndipo Khirisimasi ino ubwere pakamwa panga pasanapotoke, ndidzakukalipire bwinobwino. Mulungu akusunge.

Ndine mayi ako,
Nabanda