Mutu wa Adona

Lolemba, 3 Marichi

Tsiku lonse makasitomala awiri. Wina womasula tsitsi, wina wongotsukitsa. Mabotolo anga a mafuta atsitsi ali ndandanda pashelefu, fumbi lokhalokha. Chichokereni mng'ono wanga m'saluni muno sindinagulitse ndi limodzi lomwe. Ndigulitsa bwanji, tsamba lathu la pa intaneti anapita nalo. Nambala yachinsinsi anasintha. Anthu onse otitsatira aja lero ndi ake. Wangomata dzina lina pabotolo, koma mafuta ndi anga omwewo, a m'zigubu zimene ananyamula pochoka. Wophika ndine, wopsa manja ndine.

Amayi akuti ndimusiye, chibale ndi fupa sichiola. Ine fupa limenelo ndatsamwa nalo.

Lachitatu, 5 Marichi

Ndaona ndi maso angawa. Pa kanema, pulogalamu ija yocheza ndi anthu otchuka. Mlendo wake Adona, woimba uja, kasitomala wanga wa zaka zambiri. Tsitsi mpaka m'chiuno, likuchita kunyezimira. Wofunsa mafunso akuti chinsinsi chake n'chiyani. Adona kupisa m'kachikwama, kutulutsa botolo. La mng'ono wanga! Dzina la tsamba kulitchula kawiri, pang'onopang'ono ngati akuphunzitsa ana a sukulu.

Ndinali ndi chipeso m'manja. Chathyoka.

Tsitsi limene lija ndi wigi. Ndinaisoka ndine, ndimaimata ndine. Adona amabwera Lamulungu masana saluni ili yotseka, kulowera khomo lakumbuyo. Pansi pa wigiyo palibe ndi katsitsi komwe. Linayamba kuthothoka chaka chatha. Ndinafunsapo kamodzi, anangoti, "Kutopa, mayi." Sindinafunsenso, ntchito yathu n'kusunga pakamwa. Malipiro ake ndi amenewa.

Loweruka, 8 Marichi

Nyuzipepala nayo yatola nkhani. Tsamba lathunthu: mtsikana amene akumeretsa tsitsi la Adona. Mng'ono wanga wavala gauni yoyera ngati dokotala, munthu woti sadziwa ndi kukoleza moto pansi pa poto. Akuti anaphunzira yekha. Yekha! Dzina langa palibe.

Kachidutswa ka pulogalamu ija wakaika pamwamba penipeni pa tsamba la pa intaneti lija, pansi pake nambala yoodera. Maoda mbwee. Wanjinga yamoto amene ankandiperekera katundu ndamuona akudutsa, bokosi lodzaza. Wangokweza dzanja, osaima.

Mwini nyumba wabwera ndi munthu wina, kumuonetsa chipinda chino ine ndili momwemo. Akuti akungoona.

Asekerere kaye mtsikanayo. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Lachiwiri, 11 Marichi

Chithunzi ndili nacho. Kagalasi kam'manja kanasweka kalekale, ndiye kasitomala akafuna kuona kumbuyo kwa mutu ndimamujambula pa foni, kumuonetsa, n'kufufuta. Cha Adona sindinafufute, ndinangoiwala. Mutu wopanda kanthu, nkhope ikuoneka bwinobwino pagalasi lalikulu, wigi ili pachidole pambali.

Ndamuimbira kaye mng'ono wanga, asadzanene kuti sindinamupatse mpata. Ndati bweza tsamba, kapena unene poyera amene amaphika mafutawo. Iye kuseka. "Asisi, inu munali ndi poto, ine ndinali ndi nzeru." N'kudula foni.

Mwana amene ndinamubereka kumsana, amene ndinamuphunzitsa kugwira chipeso. Chabwino. Nzeruzo tiziona.

Lachinayi, 13 Marichi

Ndagula simu ina. Chithunzi ndatumiza kwa Chimphuno, mtolankhani wa miseche uja wonunkhiza nkhani za anthu. Mawu ochepa chabe: mafuta aja ameretsa izi. Wayankha ndisanaike n'komwe foni pansi.

Ndinaganizapo kawiri, sindinama. Adona ali ndi ana. Koma ponama pamaso pa anthu onse aja anandiganizira ine? Anadya za mng'ono wanga, alipire pamodzi.

Lero ndadya mpaka kunyambita mbale.

Loweruka, 15 Marichi

Chatuluka! Foni iliyonse mumsewu muno ili ndi mutu wa Adona. Pa tsamba la mng'ono wanga moto. Akuba inu, onyenga, tibwezereni ndalama zathu. Watseka ndemanga, anthu akumutukwanira kwina. Ndaziwerenga zonse, zina kawiri.

Amayi aimba, akuti mwana akungolira, sakudya. Alire. Polira ine anaimba ndani?

Mabotolo ndapukuta onse. Ndatsegula tsamba langalanga, dzina langa, nkhope yanga. Otsatira ndi ochepa koma abwera. Mawa ndi tsiku la Adona. Sindikhulupirira kuti afika.

Lachitatu, 19 Marichi

Sanafike. Afika pa pulogalamu ija m'malo mwake. Nkhope yosadzola kanthu. Avula wigi okha pamaso pa kamera, kuiika patebulo. Akuti ali ndi khansa, tsitsi linathothoka ndi mankhwala. Ana awo anali asanawauze, akazimvera kusukulu kwa anzawo. Za kumera kwa tsitsi avomera kuti ananama, apepesa. Koma mafutawo akuti amadzoladi, chifukwa khungu la m'mutu limawotcha ngati pali tsabola, ndipo chimene chimaziziritsa ndi mafuta amenewo basi. Wofunsa mafunso misozi chuchuchu.

Khansa. Ine manja anga anali pamutu umenewo Lamulungu lililonse. Kutopa, mayi.

Ndatsegula tsamba la mng'ono wanga kuti ndione maliro ake. Maliro ati? Maoda kuposa kale, akuti aliyense agule botolo polimbikitsa Adona. Amene ankamutukwana Loweruka ndi omwewo akumuthokoza lero. Mfiti imeneyi ngakhale uikankhe imagwera pamatilesi.

Lachisanu, 21 Marichi

Potumiza chithunzi chija ndinangoyang'ana mutu wa Adona. Pagalasi, kumbuyo kwawo, pali dzanja logwira foni. Chipsera changa cha mafuta otentha chikuoneka, katani wanga wa maluwa achikasu nayenso. Wina wakulitsa chithunzicho, wazunguliza chipsera ndi mzere wofiira. Aliyense amene anakhalapo pampando wanga amachidziwa.

Lero sipanalowe munthu. Mayi amene amabwera Lachisanu lililonse ndawaona akuwolokera tsidya lina la msewu. Pa tsamba langa latsopano mawu amene alembedwa sindingawalembe muno.

Madzulo uthenga wa mng'ono wanga. Akuti zigubu zauma, anthu alipira kale, kasakanizidwe sakadziwa. "Asisi, tiiwale zonse, bwerani tiphike." Ehe! Nzeru zija zatha, wakumbukira poto. Tsiku limeneli ndinkalilota. Sindinayankhe ndipo sindiyankha. Aphike gauni yake yoyera ija.

Ndimayesa ndisangalala kwambiri kuposa apa.

Lamulungu, 23 Marichi

Masana. Saluni yotseka, ndimakolopa. Kugogoda kukhomo lakumbuyo, pang'onopang'ono, monga mwa masiku onse. Ndinauma ndi mopu m'manja.

Kenaka mawu awo. "Ndikudziwa mulimo, mayi. Sindinabwere kudzakangana. Kwa mng'ono wanu mafuta atha, ndiye mutuwu ukuwotcha. Mundigulitseko botolo limodzi."

Bola akanatukwana. Yankho la kutukwana ndinakonza sabata yonse.

Mabotolo ali pashelefu apo, opukutapukuta. Ine ndakhala pansi kuseri kwa mpando. Sanachoke. Agogodanso.