Mchere ndikuthira ndekha tsopano

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko?

Ndikudziwa chimene mukanayamba kufunsa mukanakhala pano. Simukanafunsa za chimanga. Mukanati, "Esitere, taimirira ndikuone msana." Miyezi ija munagona pamphasa mutathyoka fupa la m'chiuno, munkandigwira pamkono n'kumati, "Iwe unatenga thupi langa, mafupa ako ndi angawa." Mawu amenewo sanandichoke. N'chifukwa chake ndati ndikulembereni, mumve zimene zandichitikira chaka chino.

Koma ndiyambe ndi zapakhomo. Tiyamike, mdzukulu wanu uja, anabereka mwana wamkazi mvula itangoyamba, ndipo mphumi yake ndi yanu yeniyeni. Chimanga chinachita bwino, koma fodya wa achimwene anang'ambika ndi matalala. Inu munapita tisanavote. Masiku ano pamsika wa Mitundu aliyense amavala chitenje cha chipani chimene akufuna, ndipo palibe wofunsa khadi. Sukulu ndi yaulere, ana achuluka moti kalasi langa lili pansi pa mtengo wa mango, bolodi nditaikoloweka panthambi.

Pansi pa mtengo womwewo ndi pamene zinandiyambira. Unali mwezi wa Juni, ana akunjenjemera ndi chisanu, koma ine ndinangomva moto wabuka pachifuwa, kukwera m'khosi mpaka kumaso. Thukuta linali kamukamu, choko chinanyowa m'manja. Patapita kanthawi zinazilala ngati palibe chachitika. Kenako zinayamba kubwera tsiku ndi tsiku, tulo n'kumadukaduka, zofunda n'kumanyowa. Mtima nawo unafupika. Tsiku lina ndinawakalipira bambo a Tiya chifukwa chotafuna chimanga chokazinga mokweza. Kumwezi ndinali nditayamba kale kudumphitsa, mpaka kunangoti zii.

Mukudziwa kuti ngakhale ndinapita ku koleji ya aphunzitsi, lamulo lanu la mchere sindinalisiye. Ndikakhala kumwezi sindithira mchere m'ndiwo, kuopa kudwalitsa a m'nyumba. Ana atakula n'kuchoka, ndinkaitana aNaphiri, akazi a ahedi, amene tinayandikana nawo nyumba, kuti adzandithirire. Ndiye panatha miyezi isanu osawaitana. Ine sindinaganizeko kuti pali munthu amene akuwerenga miyeziyo.

Tsiku lina kumjigo ndikuti ndisenze ndowa, aNaphiri anandilanda.

"Iii, amayi a Tiya, tulani! Zolemera ayi. Tonse tikudziwa."

"Mukudziwa chiyani?"

"Mchere uja mukuthira nokha chichokere Isitala. Agogo athunthu, mwati mupikisane ndi mwana wanu? Amuna anu alangizi aja salangiza za chimanga chokha, eti?"

Amayi onse anafa nacho chiseko. Inenso ndinaseka, koma ndili ndi mantha. Pakati sindinkapaopa, Amayi. Ndinkaopa matenda a masiku ano. Aphunzitsi anzathu awiri amene tawaika m'manda, onse ankadandaula za thukuta la usiku. Ndinayamba kuwayang'ana bambo a Tiya ndi diso lina, ndikukumbukira masabata amene amakhala kumaphunziro a zaulimi kutauni. Ndinachoka pabedi n'kumagona pamphasa. Atandifunsa kuti, "Ndalakwanji, amayi?" ndinangoti kukutentha.

Ku Mitundu sindikanapita kuchipatala, chifukwa theka la anthu a pamzere ndi makolo a ana anga. Ndinakwera matola mpaka ku Nathenje, kumene Joyisi, mnzanga wa kusekondale uja ankakonda zitumbuwa zanu, akugwira ntchito ya unamwino. Anandipima pamimba, anandifunsa ngati ndikutsokomola kapena kutsekula m'mimba, kenako anandikweza pasikelo.

"Esitere, matenda ukuwaopawo munthu amanenepa nawo chonchi? Sikelo yanga ikudandaula. Mimbanso mulibe. Wakula basi, ukusiya kusamba."

Ndinalira, iye akundiseka. Anandifotokozera kuti mazira a m'thupi la mayi amatha, ndipo akamatha thupi limasokonezeka kwa zaka zingapo lisanazolowere. Kutentha kuja, kusowa tulo, ngakhale ukali, zonse gwero lake ndi limodzi. Anati ndizivala zathonje, ndichepetse tiyi wamadzulo ndi tsabola, ndizikhala ndi madzi ozizira pafupi. Anandichenjezanso kuti chaka chikadzatha osasamba, kenako n'kuonanso magazi, ndisadzakhale pakhomo. Pomaliza anati ngati mtima sukukhazikika, ine ndi bambo a Tiya tipite kutauni tikayezetse magazi.

Ndiye ndinayenera kuwauza mkamwini wanu chimene ndinkawaganizira. Tinapita, ndipo magazi athu tonse anapezeka abwino. Pobwerera sanandiyankhule, ndipo anakhala choncho masiku awiri. Tsiku lachitatu ndinawapeza ndi hamala, akuzula misomali pazenera la kuchipinda lija linakhomedwa kalekale. Anati, "Mphepo izilowa, mphasayo ibwerere pakhonde." Basi, nkhani inathera pomwepo.

Koma chimene ndikufuna mumvetse ndi cha mafupa. Ndinamuuza Joyisi za inu, kuti munangoterereka pakhomo la khitchini, pamalo poti mwana akagwa amadzuka n'kuthamanga, koma inu simunadzukenso. Ndinamuuzanso kuti msana wanu tonse tinkati unapindika ndi khasu. Iye anapukusa mutu. Anati mayi akasiya kusamba, mafupa amayamba kuphwephweka mkati mwakachetechete. Mukukumbukira nsichi za chigafa cha abambo, zooneka zolimba kunja chiswe chitamaliza mkati, zija zinagwa ndi kamphepo kochepa? Ndi mmenemo. Sizipweteka, munthu amadziwa tsiku logwa. Anatinso mwana wa mayi wothyoka chiuno ayenera kusamala kuposa anzake. Choncho munkanena zoona, koma si kuti palibe chochita.

Anandifunsa mmene ndimaphikira usipa. Ndinayankha monyada kuti ndimachotsa mitu ndi minga, monga tinaphunzirira ku koleji. Anati, "Ndiye nkhuku zako zili ndi mafupa olimba kuposa iwe." Chomanga mafupa chili m'minga momwemo. Pamenepo ndinakumbukira mbale zanu. Nsomba zinkapita kwa abambo ndi kwa achimwene, zotsala kwa ife ana, inu n'kumasusa msuzi, muli, "Ine ndakhuta ndi fungo pophika." Tinkaseka, Amayi. Zaka zonse zija tinkaseka, osadziwa kuti mukudzimana mafupa anu omwe. Simunalakwe, panalibe wokuuzani.

Tsopano usipa ndi matemba ndimasinja zathunthu, mitu ndi minga yomwe, n'kuthira mu nkhwani kapena bonongwe pamodzi ndi nsinjiro. Soda ndinasiya, ngakhale masamba amachedwa kufewa. Thobwa ndikuphika la mawere, ndipo mbuzi ija munandisiyira ili ndi zidzukulu zimene ndikukama. Poyamba mkakawo unkandinunkha, pano ndazolowera.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti mafupa safuna kupuma. Ine ndinali nditakonza zoti ndizikhala pampando pophunzitsa, madzi azinditungira ena. Joyisi anakana. Anati fupa limalimba likamanyamula mwini wake, bola osapitirira muyeso, ndipo dzuwa nalonso limathandiza. Choncho kumsika ndimapita wapansi, ndowa ndikusenza yaing'ono kawiri m'malo mwa yaikulu kamodzi, ndipo kudimba ndikulima ndekha. Pakhomo la khitchini tinathirapo mchenga ndi timiyala kuti pasamaterere. Kutentha kuja kumabwerabe, koma tsopano ndikukudziwa. Ndimangouza ana kuti alembe masamu, ine n'kumadzikupiza ndi kaundula mpaka kudutse. ANaphiri atamva zonse anachita manyazi, kenako anandinong'oneza kuti, "Inetu miyezi yayamba kundidumpha, mundiuzeko bwinobwino."

Nkhawa yanga tsopano ndi Delifa, mwana wanu wotsiriza. Sabata yatha ndinamuona ku Malingunde. Zamuyamba nayenso, koma iye akuti wina anamuponda, ndipo akumwa mizu. Amayi akuluakulu amuuza kuti achoke kumphasa ya mwamuna wake kuopa kutupa mimba, zomwe Joyisi anati si zoona. Akungokhala m'nyumba, kumunda anasiya. Nthawi ya chakudya ndinamuona akugawa matemba kwa amuna, iye n'kutsala ndi msuzi. Mwa ana anu onse, iyeyu ndi amene ali ndi thupi lowonda ngati lanu. Ndinalephera kuyankhula chifukwa apongozi ake anali pomwepo.

Loweruka ndibwererako. Ndasinja kale usipa wodzaza chitini, ndipo ndikamutenga tikayende awiri mpaka kudimba kwake, kumene kulibe makutu a anthu. Mukumudziwa mwana wanu kuuma mutu, adzati za kusukulu ndizisiye kusukulu. Ndikulonjeza kuti sindikamukalipira. Ndikamufotokozera pang'onopang'ono, ndikaphika ndekha, ndipo mbale yake ndikaigawa yoyamba. Akakana, ndikagona komweko mpaka adye.

Ndimakukondani, Amayi. Muwapatse moni abambo.

Ine mwana wanu,
Esitere