Momwe Achimwene Noriyuki Anatisiyira Pachilumba

Punta Arenas, Chile
Febuluwale

Okondedwa achemwali Sachie,

Muli bwanji kumeneko ku Niigata? Nanga bondo lija likukusautsanibe ndi chisanuchi? Ine thupi lili bwino. Pafoni paja mawu anandithera, ndiye ndati ndilembe kuti mumve zonse monga zinachitikira.

Pachilumba paja tinafika bwino. Sipakhala munthu, ndi miyala ndi mbalame zokhazokha. Sitima itatitsitsa inapita kutali kukabisala mphepo. Achimwene Noriyuki anali ngati mwana. Mukudziwa kuti chiyambire kusekondale ankalota zodzaulutsa mawu pamalo amene wailesi sinamvekepo kwa zaka zambiri. Titangoimika milongoti ya wailesi yathu yoyankhulirana ndi anthu akutali, dziko lonse linayamba kutiitana, aliyense akufuna timuyankhe. Iwo ankayankha mpaka mawu kusasa, kwinaku akundinena kuti ndine wozizira, ndikuchedwetsa mzere.

M'mawa wina kunabwera namondwe. Mlongoti waukulu unayamba kupendekeka, ndipo achimwene anatuluka ndi a Einar, mtsogoleri wathu wa ku Norway, kukakunga zingwe. Chingwe china chinaduka, mlongoti n'kuwagwera pamimba. Anadzuka okha, n'kunena kuti si kanthu. Pofika masana milomo inali itayera, thukuta likutuluka kukuzizira chonchija.

Foni yathu ya setilaiti inali itafa madzi atalowa m'tenti. Tinatsala ndi wailesi basi. A Einar anapempha onse otiitana kuti ayambe aleka, tili ndi wovulala. Achemwali, zoterezi sindinazimvepo. Khamu lonse lija limene linkalimbirana linangoti zii. Kenako kunamveka bambo wina wa ku Argentina, amene anathamanga kukatenga dokotala woyandikana naye nyumba. Mawu awo akayamba kuzilala, munthu wina wa ku Russia ankawatola n'kutibwerezera. Mayi wina wa ku Australia anaimbira sitima iliyonse imene inali m'nyanja imeneyo, koma zonse zinali kutali.

Dokotalayo anauza a Baek, mnzathu wa ku Korea amene kale anali namwino wa asilikali, malo oti agwire ndi zoti aone. Atamva mayankho anati magazi akutayikira m'kati, ndipo popanda opaleshoni palibe chimene tingachite. Sitima yathu inayesa kuyandikira, mafunde n'kuibweza. Inayesanso, chimodzimodzi.

Achimwene ankamva zonsezo, poti Chingerezi ankachidziwa kuposa ine. Anafunsa chifukwa chake sitikuyankhanso anthu. Ndinati nthawi yake si ino. Iwo anati, “Iwe Tsutomu, anthu aja adikira zaka. Kayatse, ndizimvera ndili pompano.” Ndinakana, koma anandikalipira monga ankachitira tili ana. Ndiye ndinakokera wailesi pafupi ndi pogona pawo, n'kumayankha anthu dzanja lina litagwira phazi lawo. Atamva wina wa ku Sado akuitana, anati ameneyo ndi wakwathu, ndisamudumphe. Pambuyo pake sanayankhulenso zomveka. Anatisiya mawa lake chakumasana, mphepo isanaleke.

Sitima itatha kutitenga, thupi analigoneka m'chipinda chozizira chosungiramo zakudya. Ulendo wonse ndinkakhala pakhomo pake.

Kuno anzathu a wailesi a m'tauni muno, anthu amene sitinaonanepo, anadzatichingamira padoko. Mmodzi wa iwo, a Aurelio, ananditengera kwawo, ndipo ndi amene amandiyankhulira m'maofesi poti chinenero chakuno sindichimva. Nyama ya nkhosa imene amadya kuno ikundikana. Akazi awo anaona, ndipo tsopano amandiphikira mpunga. Amathira mchere ndi mafuta, koma ndimadya.

Ndamva kuti ena akulemba pa intaneti kuti tinali madala osasamala, tinakaika moyo pachiswe chifukwa cha masewera. Musawerenge zimenezo, ndipo Yui, mwana wa achimwene, asazione. Atate ake anamuchokera, zamukwanira.

Thupi tinawotcha dzana. Ndiyenera kukuuziranitu kuti kuno sachita monga kwathu. Palibe mafupa oti achibale atole ndi timitengo. Anangondipatsa kabokosi ka phulusa losalala ngati ufa. Ndinafunsa za fupa la pakhosi, limene kwathu timaika pamwamba pa mafupa enawo, koma sanamve chimene ndinkanena. A Baek okha ndi amene anamvetsa, ndipo anaima nane.

Pempho langa ndi limodzi. Alamu Harumi, akazi a achimwene, sakuyankha foni yanga, ndipo sindikuwaimba mlandu. Tinachoka awiri pakhomo pawo. A m'maofesi kuno akangondilola kunyamuka ndidzakuimbirani. Chonde mudzandichingamire pasiteshoni, tidzalowe limodzi m'nyumba muja. Ndekha ndi kabokosi kameneka sindingathe kugogoda.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Hideo, kwa azakhali a ku Nagaoka ndi kwa ana onse. Yui mumuuze kuti atate ake sanali okha. Amayi musawauze kaye, poti adzaiwala n'kufunsanso, n'kuliranso mwatsopano. Tidzaona limodzi chochita.

Ndine mlongo wanu,
Tsutomu