Nkhope Imene Ndinaidula

Busan
9 Sepitembala

Okondedwa Achemwali Hye-suk,

Ndikhulupirira muli bwino kwathu ku Gangneung, ndiponso kuti bondo la amayi lasiya kuvuta. Nsomba zouma munatumiza zija ndalandira, zikomo kwambiri. Kuno kusukulu tili kalikiliki ndi filimu yomalizira maphunziro. Akutsogolera ndi chibwenzi changa chija, Gi-tae, ine ntchito yanga ndi yodula ndi kulumikiza zithunzi pakompyuta.

Pali gawo lina limene mwamuna ndi mkazi akuthetsa chibwenzi m'kalesitilanti. Anthu awiri akamakambirana timawajambula mmodzimmodzi, kamera ili kuseri kwa phewa la mnzake, kenako n'kutembenuka. Mbali ya mwamunayo Gi-tae anajambula katatu basi. Mbali ya Bo-reum, mtsikana amene akusewera ngati mkaziyo, kakhumi ndi kanayi! Ndipo mawu akatha sankakuwa kuti "Dulani!" Kamera inkangomuyang'anabe mtsikanayo akumwa madzi, akukonza tsitsi.

Achemwali, nsanje inandiwotcha mtima. Wodula zithunzi amaonera chinthu chimodzi kambirimbiri, moti nkhope imeneyo ndaidziwa kuposa yanga. Ndiye ndinachita zamanyazi. Paliponse pamene Bo-reum akulankhula ndinasiya mawu ake okha, chithunzi n'kuika cha mwamunayo akumvetsera. Mphindi zinayi zathunthu mwana wa eni akuoneka nkhongo yokha.

Lachiwiri tinaonetsa m'kalasi. Ndinkadikira kukalipiridwa, koma aphunzitsi athu a Pyo anaomba m'manja.

"Mwaona, ana inu? Nkhani imakhala pankhope ya womvetsera, osati ya wolankhula. Seol-ah, wadula ngati katswiri! Nanga mawu a mtsikanayu! Poti sitikumuona, mtima ukungofuna kumuona."

Choipa chitsata mwini, Achemwali. Ine ndimati ndikumubisa, osadziwa kuti ndikumukometsa.

Potuluka Gi-tae anandipeza pamakwerero.

"Unaonera zonse eti? Mpaka kumapeto?"

"Si ntchito yanga nanga? Kakhumi ndi kanayi, Gi-tae! Kamera inachita kukanirira?"

"Iwenso nsanje bwanji? Kuwala kumavuta tsiku lija."

"Kumavuta mbali imodzi yokha?"

Anangoyang'ana nsapato zake. Ndinadikira kuti andinamize kamodzi kena, ndipo ndikukuuzani zoona, ndikanakhulupirira. Koma iye anangoti, "Zimene unachotsa zija usafufute. Undisungire padera."

Ndamusungira, zonse khumi ndi zinayi, ndazilemba manambala bwinobwino monga anatiphunzitsira. Filimuyo ndiimaliza, chifukwa dzina langa lilipo.

Pa chikondwerero cha zokolola cha Chuseok ndibwera ndekha, popanda Gi-tae, pa basi ya Lachisanu m'mawa. Amayi muwauze pang'onopang'ono kuti asavutike kubwereka tebulo lalikulu kwa azakhali, ndiponso bulangete latsopano ankati agulire mlendo lija alisiye kaye. Muwauze inuyo, ine pakamwa sipangatseguke. Moni kwa alamu ndi ana. Mukabwera kudzandichingamira, mubwere nokha.

Ndine mng'ono wanu,
Seol-ah