Foni ya Maliya Isandipeze Nditazimitsa

Lolemba, 2 Okutobala

Ndakwera phiri batire lili 100%. Sabata yanga yolondera moto pansanja yayamba, kutsika mpaka Loweruka. Kuno kulibe magetsi. Kuli paini, mphepo ndi akhwangwala basi.

Ndisanakwere ndinadzera kwa a Tahir, okonza mafoni kuseri kwa msika. Akuti batire langa lakalamba. "Deta muzimitse, kuwala muchepetse. Kumene netiweki ikuvuta foni imatopa ndi kusakasaka, ndiye muziyatsa pa nthawi yake." Anafunsa kuti ndikudikira ndani. Ndinangoseka.

Lero akwana masabata atatu mkazi wanga Maliya chipitireni kwawo ku Jali. Pochoka anati, "Ndikaganiza bwino ndidzakuimbirani. Inu musandiimbire."

Lachiwiri, 3 Okutobala

84%. Ndamulembera kuti foni ndiziyatsa 12 koloko ndi 5 koloko. Kulemba si kuimba, sindinalakwe. Sanayankhe.

Lachitatu, 4 Okutobala

Kwacha ndi chisanu ngati Juni. Ndinaiwala foni pazenera, yatsika yokha kufika 69. Tsopano ikukhala m'thumba la m'kati mwa jekete.

Tauni yonse ikuoneka pansi apo, ndi malata a ku Chinamwali, koma nyumba yathu sindingailoze. Tsiku lonse ndayankhula ndi munthu mmodzi, mayi wa nkhuni. Anangoti, "Mwaswera?" n'kumapita.

Ndilembe zoona, palibe awerenge. Tsiku lomwe Maliya anapita padera anandiimbira kasanu ndi kawiri. Ine ndili pansanja pomwe pano, foni itazima chifukwa ndinathera batire kumvera mpira. Kuchipatala anamutengera ndi aneba, pa kabaza. Ine ndinamva patatha masiku awiri. Sanandikalipire. Bola akanakalipa.

5 koloko ndinatsegula zithunzi zake. Mphindi zochepa chabe, 6% yapita. Chitsiru.

Lachinayi, 5 Okutobala

Utsi cha m'ma 10, kumadzulo. Ndinaima ndi foni m'manja ndikuwerengera batire, moto ukuyenda. Manyazi. Ndinaimbira a Blaise, akapitawo athu, ndipo kuyambira pamenepo sinazimenso. "Medson, moto walowera kuti? Mphepo ikuchokera mbali iti? Usazimitse!" Anthu athana nawo dzuwa litapendeka. Paini wapsa, koma moto sunafike kunazale.

Kuchoka 58 kufika 11.

Lachisanu, 6 Okutobala

12 koloko: zii. 7%.

5 koloko ndayatsa ili pa 3. Ndinati ndiwerenge mpaka handiredi kenako ndizimitse. Ndili pa sikisite yalira. Dzina lake.

"Medson, mukundimva? Ndaganiza. Ndimafuna ndikuuzeni kuti..."

Yazima. Ndaifikisa m'manja, ndaiika kukhwapa, ndadina mpaka chala kuwawa. Ayi ndithu. Kachiwiri tsopano akuyankhula ndi foni yakufa. Kutsika sindingathe, wondilandira abwera mawa, ndipo zitsa za dzulo zikufukabe.

Sindinaphike.

Loweruka, 7 Okutobala

Wondilandira atangotulukira ndinamupatsa buku la ulonda n'kuyamba kutsika njira yachidule. A Tahir ataona nkhope yanga anangondipatsa chingwe. "Idikireni ifike kaye pa 5%."

Sindinadikire. Maliya anati ndisaimbe, koma ndinaimba pa 1%, nditawerama pakauntala poti chingwe n'chachifupi.

Anayankha kulira koyamba. Ndinayamba kufotokoza za moto, iye anandidula. "Ndamva. Utsi umaoneka mpaka kwathu." Kumbuyo kwake ndimamva makondakitala akukuwa Liwonde, Liwonde.

"Uli kuti?"

"Pa depoti. Kunyumba ndapeza loko. Sindinanene kuti ndabwereratu, Medson. Ndabwera kuti tikambirane."

Foni ndaisiya pa tchaji kwa a Tahir. Kiyi ali m'manja.