Nsalu Zoyera pa Bwalo la Mpira

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Ndine Malita. Kalata ino ndaiyamba katatu. Mapepala awiri ndang'amba chifukwa zilembo zimakwera phiri. Mundipirire, ndilemba pang'onopang'ono monga mwa masiku onse.

Ndiyambe ndi zabwino. Mng'ono wanga Aginesi wabereka mwana wamkazi, ali ndi masabata asanu tsopano. Mphumi ndi yanu yeniyeni, ndipo akamayamwa amakwinya nkhope ngati mmene inu munkachitira posankha nyemba. Tamutcha Rozina, dzina lanu. Alamu, bambo a mwanayu, akadali ku Joni, mwana amuona pafoni pokha. Mbuzi yanu yamawanga ija yaswa ana awiri. Chimanga cha kudambo chonse chinapita ndi madzi, koma cha kumtunda chatsala, mwina ngolo imodzi ikwana. Amayi aang'ono a ku Lizulu atitumizira thumba la kachewere. Manda anu madzi sanawakhudze. Ndinapita kukaona, ndinazulanso udzu.

Tsopano pali nkhani ina imene sindinauze munthu aliyense. Ikundisowetsa mtendere, ndiye ndati ndiyambe kuuza inu.

Mvula inagwa masiku anayi osaleka. Mlatho wopita ku chipatala cha Kasinje unakokoloka, msewu wa ku Sharpevale unadukanso pawiri. Tinatsala ngati pachilumba. Nyumba ya a Nachisale, anzanu a kumpingo aja, inagwa, mpaka lero akugona kwathu kuno. Tsiku lachisanu m'mawa Aginesi matenda anamuyamba, kudakali masabata atatu kuti masiku ake akwane. Tinali titapangana kuti sabata yotsatira akadikirire kuchipatala. Beseni, zitenje ndi pepala la pulasitiki zonse zinali zokonzeratu.

Mayi Mwale, alangizi a zaumoyo amene ankabwera kudzakuonani muli chigonere, anafika msanga. Atamugwira pamimba, nkhope yawo inasintha. Anati, “Mwana wagona chopingasa. Kuno sitingathe.” Abambo atatu anapita kukayesa madzi, anabwerera pamene anawafika pachifuwa. Mayi Mwale anakwera pachulu cha kuseri kwa tchalitchi, pamene pamagwira netiweki, n'kuimba ku boma. Potsika anandiitana.

“Malita, kukubwera helikopita ya asilikali a dziko lina amene abwera kudzathandiza. Tenga nsalu zoyera zitatu izi, ukaziyale pakati pa bwalo la mpira kusukulu, uzipsinje ndi miyala. Kumwambako midzi yonse ikufanana, ndi matope okhaokha. Akaona zoyera atera. Ife tikubwera ndi machira.”

Amayi, mawu akuti asilikali atangondilowa m'khutu ndinaopa, koma nsalu ndinangozilandira. Mukundidziwa, pagulu pakamwa panga sipatseguka.

Ndinakumbukira zimene munkatiuza za nkhondo ya ku Mozambiki, muli ndi zaka khumi. Munkati kunabwera asilikali olankhula chilankhulo chachilendo, anagawa mchere, analemba maina, ndipo mawa lake anabwera kudzatenga anyamata. Amalume a Zuze anapita tsiku limenelo, ife sitinawaonepo. Munawoloka malire pa Lizulu muli ndi kamphika kamodzi pamutu. Ndiye moyo wanu wonse, ndege ikangomveka, ngakhale ya anthu apaulendo, munkathamanga kukaphimba ufa woyanika pamphasa. Munkati, “Choyera chimaitana ndege. Phimbani, lowani pansi pa mtengo.” Ine ndi Aginesi tinkaseka, koma tinkaphimba.

Nsalu zija ndinaziyala bwinobwino, Amayi. Mwala pangodya iliyonse, wina pakati. Pabwalo ndinali ndekha. Kenaka ndinamva phokoso kuchokera kumapiri, logunda ngati anthu ambiri akusinja pamodzi. Linalowa m'chifuwa, linalowa m'mano. Zimene ndinachita sindinaziganize. Ndinangozindikira ndakwatula nsalu zonse zitatu, ndazikumbatira, ndili m'chigwembe cha kuseri kwa zimbudzi za sukulu, ndagona chafufumimba m'matope, nsalu zili pansi panga. M'mutu munali chinthu chimodzi: akamutenga Aginesi sadzabweranso.

Helikopita inazungulira kawiri. Kenaka phokoso linayamba kuchepa, mpaka linatha.

Anthu anafika ndi machira, Aginesi akubuula. Mayi Mwale anayang'ana pabwalo, anayang'ana ine ndi nsalu zanga zamatope. “Nanga zatani?” Ndinati, “Mphepo inaziulutsa, ndimazitola.” Ndilo bodza langa, Amayi. Tsiku limenelo kunalibe mphepo.

Mayi Mwale anakweranso pachulu. A ku boma anawauza kuti helikopita yapita kukatenga anthu amene anali m'mitengo kumunsi kwa dambo, ndipo ingathe kubwerera cha m'ma folo koloko. Apo inali naini koloko. Aginesi tinamugoneka m'kalasi ya sitandade yoyamba, pansi pa bolodi. Poyamba ankalira, ankakuitanani inu. Dzuwa litapendeka anasiya kulira, milomo inayera. Kukhala chete kumeneko ndi kumene kunandiopsa kuposa ndege.

Mayi Mwale anandipeza pakhonde. Sindikudziwa ngati anazindikira. Anangokhala pansi n'kunena kuti, “Ukuopa asilikali eti?” Ndinavomera ndi mutu. Ndinafunsa ndi mawu apansi kuti awatuma ndani. Anati, “Boma lathu ndi limene lawapempha, sanangolowa okha. Ndege ndi yawo, koma wonena kuti pitani uku, tengani uyu, ndi a ku ofesi kwathu kuno. Awaitana chifukwa galimoto yakanika, bwato lakanika. Mfuti sanabwere nazo. Mlatho ukakonzedwa azipita kwawo.” Ndinati, nanga maina? Anandionetsa kope lawo lija la chikuto chobiriwira. “Maina ndimalemba ndine. Lako ndinalilemba uli pasikelo, unasowa?”

Sindinganame kuti mantha anatha. Koma ndinasuzumira pawindo, ndinaona phazi la Aginesi litatuluka m'chitenje, losagwedezeka.

Nsalu zija zinali zitasanduka zofiira ndi matope, ndipo madzi oyera ochapira kunalibe. Ndinathamangira kunyumba, ndinatsegula sutikesi yanu koyamba chichokereni inu. Ndinatenga bulauzi yanu yoyera ya kumpingo ndi duku lake. Fungo lanu linali momwemo. Mundikhululukire, ndinakaziyala pamatope. A Nachisale ataona anapita kukatenga yawo, amayi ena a kumpingo nawonso, mpaka zinakwana kupanga mtanda waukulu pakati pa bwalo. A Nachisale poika mwala anati, “Ine nyumba yagwa, chatsala ndi bulauziyi. Ikauluka, asilikaliwo akandigulire ina kwawoko, ya mabatani agolide.” Anthu anaseka pang'ono. Ine ndinakhala pansi pambali pa mtandawo, ndinakhalira manja anga kuti asachitenso zawo.

Phokoso litabweranso, miyendo inkafuna kuthawa. Mawu anu ndinkawamva bwinobwino: phimbani. Sindinaphimbe, Amayi. Ndinatseka maso, ndinakodzera chitenje, koma sindinasunthe.

Woyamba kutsika anali namwino wa konkuno, wolankhula Chichewa, ndi bambo wina wa ku boma atagwira pepala. Asilikali anatsika pambuyo. Ine ndinayang'ana manja awo, ndinayang'ana m'chiuno, ndinayang'ana kumsana, mmodzimmodzi. Mfuti sindinaione. Anatsitsa matumba a ufa, anawaunjika pakhonde la sukulu, n'kubwerera kukaima pafupi ndi ndege yawo. Ogawa anali a komiti ya m'mudzi mwathu momwemuno. Asilikaliwo sanafunse dzina la munthu, sanapemphe kanthu, ngakhale madzi akumwa.

Namwino anati, “Gadiyani ndani? Mmodzi yekha, fulumirani.” Onse anayang'ana ine. Pomwalira munati ndizimuyang'anira Aginesi, ndiye ndinakwera. Msilikali wina wamkazi, wa msinkhu wanga, anandimanga lamba. Analankhula mawu amene sindinawamve, chilankhulo chachilendo ndithu monga munkanenera. Kenaka anatenga dzanja langa n'kuliika pa dzanja la Aginesi, iye n'kunyamula botolo la diripi. Njira yonse ndinayang'ana dzanja lomwelo. Pansi sindinayang'anepo.

Ku chipatala chachikulu anathamanga naye ku opaleshoni. Rozina anatuluka wamoyo. Koma chiberekero cha Aginesi chinali chitang'ambika, ndipo anachichotsa. Rozina ndiye woyamba, ndiyenso womaliza. Aginesi ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi.

Tsiku lachitatu ndinalimba mtima, ndinamutsatira namwino pakhonde. Ndinafunsa kuti, akanafika m'mawa chiberekero chikanapulumuka? Anati, “Achemwali, thokozani kuti onse awiri ali moyo.” Funso langa sanaliyankhe. Ndimaliwerenga tsiku lililonse: naini koloko mpaka folo koloko, maola asanu ndi awiri.

Asilikali aja anapita kwawo, monga ananenera Mayi Mwale, atangoika mlatho wongoyembekezera. Nditamva kuti achoka ndinayenda m'mudzi monse ngati ndikufuna nkhuku yosowa, koma ndinkawerenga anyamata. Nyumba ndi nyumba, kawiri. Onse alipo, Amayi. Palibe amene anatengedwa.

Sindikukuimbani mlandu. Inu munali mwana, munaona zimene munaona, ndipo munatiphunzitsa kuti tikhale ndi moyo. Mwinanso kwina alipobe asilikali onga aja a mchere. Ine sindidziwa kuwasiyanitsa ali kumwamba. Ndikanangofunsa m'mawa muja mafunso amene ndinafunsa masana. Anali mafunso awiri okha, Mayi Mwale anali pafupi, koma manyazi ananditseka pakamwa.

Chimene chikundiopsa tsopano si ndege. Ndi Aginesi. Aliyense wobwera kudzaona mwana amamuuza kuti, “Achemwali anga ndi amene anandipulumutsa, anayala malaya a amayi.” Akatero amandimwetulira, ine n'kutuluka panja ngati ndikukaona mbuzi. Alamu sanauzidwe za chiberekero. Sitikudziwa kuti akadzamva adzati chiyani, kapena a kwawo adzati chiyani. Ngati banja lake lidzagwedezeke, iye ayenera kudziwa kuti nsalu zija sizinauluke ndi mphepo. Mwina adzandithamangitsa. Mwina sadzandipatsanso Rozina kuti ndimubereke.

Bulauzi yanu ndaichapa katatu. Yayera, kupatula pakolala pamene panali mwala. Ndaibwezera musutikesi. Duku linapita ndi mphepo ya helikopita, ndalifuna m'chimanga chonse cha kusukulu osalipeza.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndakusowani kwambiri. Lamulungu likubwerali tikachoka kutchalitchi, a Nachisale akatenga mwana, ndikhala naye pansi Aginesi ndimuuze zonse, kuyambira pachigwembe. Ndikadzabweranso kudzazula udzu pamanda anu, ndidzakhala nditanena kale.

Ndine mwana wanu,
Malita